Mlamba wa m'masese

Cholinga changa chinali chabwinobwino, anzanga. Ndinkafuna kuti amalume ake a Esinati, mtsikana amene ndinkamufunsira, aone kuti mwana wawo akugwa m'manja mwa munthu wotsogola. Nthawiyo n'kuti ndikuphunzitsa pasukulu ya mishoni cha ku Nachisaka, ndipo kudimba ndinali nditakumba damu la nsomba monga ankatilimbikitsira alangizi. Ife a kumapiri kuno nsomba tinkaidziwa youma, yobwera panjinga, ndiye yaiwisi inali nkhani.

Mkulu wa alangiziwo anali wa ku Filipini, ndipo tsiku lachionetsero mkazi wake anatiphikira monga amaphikira kwawo. Anati makumba, poti mnofu wake ndi wofewa, amakoma kuwiritsa mu viniga, jinja ndi adyo, pamene mlamba ndi wamafuta, umafuna kuwotcha pamakala. Ine kudya ndinadya mpaka kunyambita zala, koma kumva ndinamva theka. Chimene chinakhala m'mutu n'chakuti viniga wa kwawoko ndi mowa wa kokonati umene amausiya mpaka usase.

Tsiku lobwera alendo mchemwali wanga anati, "Achimwene, mlendo ndi nkhuku. Ndigwire tambala uja?"

"Nkhuku anadya kale konsekonse," ndinatero ine. "Lero adya za ku Filipini."

Pakamwa pangapa!

Ndinatsegula damu, madzi n'kuphwa, makumba amene ndinkawetamo osaoneka ngakhale mmodzi. Nanga si ine ndemwe ndinaponyamo timilamba ta mumtsinje kuti damu lidzaze msanga? Timilambato tinadya anzawo onse n'kunenepa ngati ana a nkhumba. Ndinati palibe kanthu, nsomba ndi nsomba, mlamba womwewo ulowa mu viniga.

Vinigayo nayenso panalibe. Dzulo lake ndinapalasa njinga mpaka ku Mponela, khadi lachipani ndinaonetsa pamsika, sitolo zonse ndinalowa, eni ake kumangondiyang'ana ngati ndikufunsa mankhwala a ndege. Pamenepo nzeru zinandibwerera: kodi viniga si mowa wosasa? Ndinazembera kwa mayi wina wofulula n'kupempha masese ogona. Ine, mphunzitsi wa mishoni, woimba kwaya, botolo m'jekete.

Amalumewo, a Mbewe, anali mkulu wa mpingo, munthu woti ngakhale thobwa amayamba walinunkhiza. Atafika ndinagogoda mlamba pamutu n'kuusiya m'beseni kuseri kwa nyumba. Ndani anandiuzapo kuti mlamba sufa msanga? Tili pakati pa malonje, uwo! Ukukwawa pabwalo, phiriphithi phiriphithi, mpaka pa nsapato za a Mbewe. Ndinaudumphira tayi ili m'khosi, mlambawo n'kuterereka, ine chafufumimba m'fumbi, munga wake n'kundibaya pachala.

A Mbewe anangokweza mapazi. "Ndiwo zathu n'zimenezi?"

"N'zomwezi, bambo."

"Zikuoneka zathanzi."

Mchemwali wanga anakana kukhudza mphikawo, ndiye ndinaphika ndekha. Masese atawira anachita thovu, msuzi n'kugwirana ngati phala, fungo n'kudzaza mudzi ngati kwafulidwa mowa wa dima. Abambo ena odutsa mumsewu mpaka anapatuka kudzafunsa ngati watsalako wogulitsa. Apo mantha anandigwira, koma kubwerera n'kumene kunalibe, tambala uja anali atayenda kale.

A Mbewe anapemphera pemphero lalitali, anatema mnofu, anatafuna pang'onopang'ono, kenako n'kuitanitsa madzi osamba m'manja.

"Aphunzitsi, mowa ndinasiya ndisanakwatire, koma mphuno siiwala. Uwu ndi wadzana."

Ndinayamba kufotokoza za Filipini, za kokonati, za kusiyana kwa makumba ndi mlamba. Anandimvetsera mpaka ndinatha ndekha.

"Ku Filipiniko mpingo kulibe?"

Manyazi anali ondikwana, ndipo mumtima ndinali nditatsanzikana naye kale Esinati. Iwo anavala chipewa, anatenga ndodo, n'kuima pakhomo.

"Lamulungu mukafotokoze kwa akulu a mpingo, inu ndi nsomba yanuyo. Koma mwanayu tikupatsani, ndipo msanga. Mukapitiriza kuphika nokha mupha anthu."

Ukwati tinamanga titakolola, nditatha kaye chilango changa pabenchi la kumbuyo. Kuchokera tsiku limenelo ndinalumbira: nsomba ndiziweta ine, koma ikangotuluka m'madzi, ineyo ndi iyo tisamadziwanenso.