Kabichi Amene Anandilanda Usiniya

Mpaka lero ndikaona kabichi mu shopu ndimamupatsa ulemu wake, ndimadutsira mbali ina. Zimene ndikuuzeni pano ndi zoona zokhazokha, ndipo wokayika akafunse nkhunda za ku Lewisham, zinaona zonse.

Munali mu 2006, ndikugwira ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Lewisham komweko, kuno kwa azungu. Amanijala athu, Mayi Maureen, analengeza zinthu ziwiri pa miting'i. Choyamba, panali mpando wa usiniya, woyang'anira anzako, ndipo dzina langa linali pamwamba. (Mkazi wanga anauziratu abale onse ku Ntcheu tsiku lomwelo, choncho kobwerera kunalibe.) Chachiwiri, pa chisangalalo cha okalamba chaka chimenecho tikumbukira nkhondo zamakedzana, ndipo pakufunika munthu wopanga chimakina chotchedwa trebuchet. Munthu wofuna mpando sakhala manja ali m'thumba. Ndinakweza mkono.

Chimakinachi ndi legeni ya makolo a azungu yogumulira malinga a adani. Pamakhala mlongoti wautali, mbali ina bokosi lolemera, mbali inayo chingwe ndi kathumba koikamo mwala. Bokosi likagwa, mwala ulendo. Anthu awa anatha mibadwo akugendana ndi miyala yaikulu ngati ng'ombe, koma lero safuna usinthe babu usanapite ku tirening'i.

Pulani anajambula Agogo Harold, mmodzi wa okalamba athu, amene kale ankaphunzitsa mbiri yakale. Ife tiponya kabichi, osati mwala, ndipo linga likhala la makatoni. Anandigwira mkono n'kunena kuti, "M'bokosimo muike matumba awiri a mchenga. Awiri basi, mwana wanga."

Wondithandiza kukhoma anali a Kamwendo, mnzanga wa pa shifiti, amene asanabwere kuno anali kondakitala wa minibasi ya ku Limbe. Titamaliza anasuzumira m'bokosi muja, nkhope n'kugwa ngati amva za maliro.

"Achimwene, ndiye chinyamuke chopanda anthu chonchi?"

"Agogo anati awiri."

"Agogowo anayamba apakirapo? Bokosi ili ndi la folofolo, aise. Kulisiya chonchi ndi tchimo."

Kunena zoona, nanenso mpata uja unkandiwawa. Tinayamba ndi njerwa. Kenako zitsulo zimene okalamba amalimbitsira manja. Kenako maikulowevu yakufa ya kukhitchini, imene a Kamwendo anaikankhira pakona uku akuiuza kuti, "Sunthani pang'ono mayi, tonse tikupita." Pamwamba tinatsendera ndi nsapato mpaka chivundikiro chinavomera.

Tsiku lija linafika. Okalamba anandanda pa njinga zawo zokankha atavala zisoti zachifumu zamapepala. Mayi Maureen, mu vesiti yachikasu, anali atazinga tepi kutsogolo konse kwa makina, ndipo anthu olemekezeka anawaimika kumbuyo, kumene malamulo amati n'kotetezeka. Pakati pawo panali bwana wamkulu wa ku likulu, amene siginecha yake inali yoti indipatse usiniya. Anavala chipewa cha msilikali chamakatoni, kapu ya tiyi ili m'manja.

Ndinaika kabichi m'kathumba. Agogo Harold anakweza ndodo. Nditangogwira chingwe, mzimu wa ku Limbe unawagwira a Kamwendo: anamenya bokosi ndi chikhatho, pha pha, kukuwa kuti "Tiyeni adiraiva!" n'kulendewera m'mbali ngati pa chitseko.

Bokosi linagwa pamodzi ndi a Kamwendo. Pansi panagwedezeka mpaka mano oikirira a agogo ena anatsika okha. Kabichi sanayang'ane n'komwe linga lija. Anapulumuka m'kathumba nthawi isanakwane n'kulunjika kumwamba. Ndikulumbira, ndinanena Atate Wathu yense, ndi Ameni yemwe, iye asanaoneke. Ndege ina yopita ku Heathrow inachita kumupatukira. (Mkazi wanga amati apa ndimawonjezera. Iye kunalibe.)

Potsika anasankha yekha. Anasiya tebulo la makeke, anasiya galimoto zonse, n'kutera pa chipewa cha bwana wamkulu. Phwa! Chipewa chinatsika mpaka m'mapewa, bwana n'kukhala pansi pa udzu mwaulemu, masamba ali mbwee, kapu ikadali m'manja. Sanavulale. Kabichi ndiye sanapulumuke.

Kenako okalamba anayamba kuwomba m'manja, ena mpaka kugogoda ndodo. Agogo Harold ankapukuta misozi. "Moyo wanga wonse ndaphunzitsa za makina awa," anatero, "lero ndi pamene ndaona akugwetsa munthu woyenera."

A Kamwendo anadzuka, kudzisasa fumbi, n'kundinong'oneza kuti, "Vuto ndi dalaiva. Katundu anali bwinobwino."

Lolemba anandiitana mu ofesi. Mayi Maureen sanakalipe, azungu sakalipa, amangovula magalasi.

"Tandiuzani chinthu chimodzi. Munawonjezeranji katundu m'bokosi muja?"

"Munali malo, mayi."

Anadikira kuti ndipitirize. Ine ndinali nditamaliza.

Usiniya anapatsa mtsikana wa ku Philippines amene ntchito yake tsiku lija inali kudula zisoti zamapepala. Ku Ntcheu mkazi wanga anangowauza kuti anthu ansanje anandipitira pansi, ndipo onse anamvetsa msanga kusiyana ndi mmene akanamvera za kabichi.

Ndinaphunzirapo kuti m'dziko muno mpata amausiya dala. Masiku ano ndikakwera sitima n'kuona mpando wopanda munthu pakati pa azungu awiri, ndimaimirira n'kugwira chitsulo ngati munthu wophunzira. Koma ndikauyang'anitsitsa mpando uja, abale, anthu awiri ndi nkhuku akwanapo.