Denga la Apongozi

Lolemba
Mphepo ya ku phiri la Michesi yasadabuza lata padenga la apongozi, chakuchipinda kwawo. Mvula ili pafupi. Ine mkamwini wa pano ndalengeza pabwalo: "Musavutike, mawa ndikhoma." Kukwera ine? Ndili mwana anyani ankachita kundifunsa njira mumtengo!
Zofunika: misomali, hamala, makwerero. Basi.

Lachiwiri
Makwerero ndabwereka kwa a Dayisoni akalipentala. Ndi abulugama, sitepe imodzi yomanga ndi linya. Mwini wake akubwera nawo akutsimphina. "Mwendowu ndi makwerero omwewa, achimwene. Sitepe yachitatu chabe." Yachitatu! Poti ndi mbuzi yomwe imadumphapo?
Lero malata atentha. Mawa.

Lachitatu
Kuchigayo ndangoti "makwerero," aliyense ali naye wake amene anagwa:
– mkulu wampingo, akupenta tchalitchi: nthiti
– mayi wa kwa Chiwalo, akuyanika makaka a chinangwa padenga: chiuno, khasu anasiyira pomwepo
– wina wokhoma sola: uyu akungomuti malemu.
Ndaseka kuposa onse. Thumba la ufa ndaliiwala komweko.

Lachinayi
Ndaimika makwerero. Yoyamba bwino. Yachiwiri bwino. Yachitatu yati kwee! Ndatsika kukamwa madzi, makapu anayi. Mkazi wanga akuti, "Abambo, anyani aja akudikira muwalozere njira." Mkazi ameneyu pakamwa!

Lachisanu
Mitambo bii kuchokera ku Chilwa. Apongozi ayika beseni pamphasa yawo. Bola akanandikalipira. Mudzi ndi wawo, ine ndinangobwera ndi chikwama. Koma msana ndili nawo umodzi. Ukathyoka, mizere apanga ndani?

Loweruka
Ndakwera! Ena onse ali kumunda, wogwirira palibe, koma woseka palibenso. Misomali isanu ndi umodzi, pha pha pha! Ndikuona mpaka ku Mozambiki.
Pofuna kutsika ndaponda mphepo. Makwerero ali gone pansi.
Pakhomo pali apongozi okha, akupeta nandolo. Mkamwini saitana apongozi mokuwa, nanji ali pamwamba pa mutu wawo. Ndikutsokomola. Akupeta. Ndikutsokomolabe, lata likundiwamba ngati usipa.
Kenako akuuza nkhuku: "Inu nkhuku, chifuwa chili kumwambachi chikufuna chithandizo?"
Ndayankha nkhuku zomwezo: "Eya, chonde."
Aimika makwerero. Koma agwira ndi dzanja limodzi, atatembenuka, nkhope ku Michesi. Ayang'ana bwanji mkamwini akubwera chamatako? Kuwauza kuti mwendo umodzi wa makwerero wakhala pamwala, pakamwa pakana. Ulemu!
Sitepe yachitatu sindinafikepo n'komwe.

Lamulungu
Dzulo kuchipatala pa njinga ya kabaza, ndikulira ngati mbuzi yopita kumsika. Fupa la kakolo lang'aluka. Andimanga chikhakha, akuti khasu ndiiwale kaye. Pabenchi ndinakhala ndi bambo wina wogwa akukonza nkhokwe, khosi silikutembenuka. Sindinamuseke.
M'mawa uno mvula yagwa. Mkazi wanga wabwera ndi uthenga wa apongozi: misomali ndakhomera m'ngalande za lata, moyenda madzi, m'malo mwa pamsana pake. Tsopano mukudontha malo asanu ndi amodzi.
Ndati aitane mmisiri. Akana, akuti mudzi ungati pakhomo pano palibe mkamwini.
Akuti ndisafulumire. Adikira ndichire.