Migolo iwiri padenga ku Chililalila

Chipsera chili pamphumi pangachi anthu amati ndinachitenga kumgodi. Ndimangovomera, poti zoona zake n'zamanyazi.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, sopo tikuchita kufolera. Magetsi ku Chililalila ankathimathima, ndipo tsiku lina atathima mpira uli mkati pawailesi, ndinazula mafiyuzi n'kuwaponya m'chimbudzi. (Mtima wanga ndi wapachala, sindibisa.) Ndinalumbira kuti nyumba yanga izidzipangira yokha moto ndi kuwala.

Mlamu wanga, mphunzitsi wa sayansi ku Kamushanga, anandichenjeza. "Alamu, lamulo lake ndi limodzi. Zimene nyumba yadya chaka chonse zifanane ndi zimene yapanga. Makala ogula ndi zakunja. Zakwa aneba ndi zakunjanso."

"Nanenso kusekondale ndinapitako," ndinatero.

Ndinapaka mgolo penti yakuda n'kuukweza padenga kuti dzuwa lizitenthetsa madzi. Dayinamo ya njinga ndinaimangira zipsepse za malata kuti mphepo iziyatsa babu. Makala ndinaletsa, tizisonkhera zitsononkho za m'munda wakuseri. Mkazi wanga, amake Monika, anangopitiriza kusoka pamakina awo. (Ine ndinayesa agwirizana nazo.)

Juni atafika ndi chisanu chake, madzi osamba ankabwerabe otentha. Loweruka lina ndinaitana mlamu kuti adzachite manyazi. Iye anangogwira kolala ya malaya anga.

"Iyi yasitidwa ndi dzuwa?"

Amake Monika anayankha ali pamakina awo osokera, osadzutsa mutu. "Atate ake Monika, miyezi itatu ndikusitira kwa aneba. Madzi anuwo ndimatenthetsa komweko. Mgolo wanu ndi wozizira ngati mtembo."

Wanzeru akanaseka. Ine ndinakweza mgolo wachiwiri n'kuyamba kuudzaza, mlamu akukuwa pansi kuti denga la asibesitasi silinyamula katundu. Denga linavomereza mlamu. Ndinatsikira m'nyumba pamodzi ndi migolo yonse iwiri, n'kugwera ndi mphumi pamakina aja a amake Monika, amene malemu mayi awo anawasiyira. Mwayi wake, eni ake anali atatuluka kudzandiletsa.

Sanandikalipire. Anatola zidutswa za makina m'chitenje, n'kutenga Monika, m'mawa mwake basi ya kwawo ku Petauke.

Patapita sabata mlamu anandipeza mumdima, mbaula ili zii. Anayang'ana mitambo pachibowo cha padenga.

"Alamu, tsopano zafanana. Nyumba sikupanga kanthu, sikudya kanthu."

Ndinamugenda ndi dayinamo.

Kukapepesa ku Petauke kunanditengera maulendo atatu. Mpaka lero ndimati denga lija linali kale ndi mng'alu, koma ndimanena amake Monika atapita kumsika.