Pulogalamu Yomwe Ndinaiyeza pa Sikelo

Amene akuti ndikunama akafunse ku boda, madalaivala akale alipo. Ine ndi amene ndinasankha pulogalamu ya kompyuta yoyamba m'Mchinji muno, nthawi ija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Koma musandiombere m'manja, nkhaniyi ndimaikamba nditazolika.

Ndinali kapitawo pa kampani ya malole onyamula mtedza kupita ku Zambia. Abwana atagula kompyuta, anandituma ku Lilongwe kukasankha pulogalamu yokonza maulendo, kuti malole asamachedwe pa boda. Wogulitsa anandiyalira makatoni atatu, Chingerezi chokhachokha, ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4. Kufunsa ndinachita manyazi. Ndinabwereka sikelo, poti mtedza wabwino timaudziwa ndi kulemera, ndipo katoni yachitatu, ndikulumbira, inathyola sikeloyo, inaphulitsa matayala a basi pa Namitete, pa Boma anachita kuitsitsa amuna khumi ndi ng'ombe ziwiri. Mukumva?

Osadziwa kuti inali pulogalamu ya sitima za panyanja. A Nachisale, kalaliki wathu amene ankadziwa lole iliyonse ndi kaliridwe kake, akalemba kuti lole inyamuke, makina ankayankha kuti dikirani madzi akwere. Madzi ake ati ku Mchinji? Tinadikira, mzere wa malole unachoka pa boda mpaka pa Kamwendo, mvula inagwa, mtedza unamera m'matumba, tinakolola kawiri pamwamba pa malolewo, dalaivala wina analowa chikamwini ku Ludzi, mwana n'kubadwa, n'kuyamba kuyenda injini isanalire. Mukumva inu?

Abwana anatiitana tonse awiri, maso ali psuu. Anati mmodzi achoke lero lomwe, wosankha kapena wolemba. A Nachisale, amene ndinali nditawaululira za sikelo ija, anandiyang'ana.

"A Phiri, auzeni abwana mmene munasankhira."

Ine ndinati pulogalamu ilibe vuto, zala za mayiwa n'zimene zikulakwitsa. A Nachisale anatenga chikwama chawo n'kutuluka, ana anayi akuwadikira kunyumba.

Zinazo mwina ndathirako mchere, koma apa pokha sindinawonjeze kanthu, ndipo manyazi ake sanandichoke. Lero a Nachisale amagulitsa tomato pa Kamwendo. Akandiona amandipatsa moni mwaulemu, n'kundiikira basera. Tomatoyo ndimafika naye kunyumba, koma ine kumudya ayi.