Chitedze m'munda wa nandolo

Dzuwa lili pamutu, ine ndili kalikiliki kukoka nthambi zaminga kuchokera kudambo, manja onse magazi okhaokha, amuna anga ali phee patsinde pa mango kundiphunzitsa za dziko. "Amake Joni, anthu akuba chifukwa cha njala. Ikatha njala, kuba kutha."

Ndiye ine ndikhale pansi kudikira njala ithe m'Chiradzulu monse nandolo wanga akupita? Munda wanga uli m'mbali mwa njira yopita ku Milepa, ndipo chaka chimenecho, matipate, nandolo wamuwisi uja, atangoyamba, mzere wam'mphepete unkapululidwa tsiku ndi tsiku. Akatekisiti nawo akuti kuba ndi mtima woipa, wakubayo timupempherere. Ine nthawi imeneyo ndiitenga kuti?

Amene ananena zomveka ndi aphunzitsi athu a sukulu ya kwacha. "Wakuba ndi waulesi, amatenga pomwe dzanja lafika mosavuta. Musalimbane ndi mtima wake, muvutitseni pofikira." Minga ija inali ya mpanda umenewo. Koma patangopita masiku atatu ndinapeza munthu wasuntha nthambi bwinobwino ngati chitseko cha nyumba yake, wathyola, wabwezeranso. Mwano wake!

Magazi anawira. Ndinatsikira kumtsinje, n'kugwetsa chitedze ndi ndodo, chouma bwino chija choyabwa ngati moto. Ndinyamulire pati? Ndinavula chitenje chapamwamba n'kukulungamo. Chitedzecho ndinachikoleka m'mitengo ya nandolo yam'mbali mwa njira, mtima uli mbee. Poyang'ana dzuwa, nthawi ya sukulu yakwana, ndipo ine kuchedwa ndimadana nako. Ndinakutumula chitenje chija kawiri, kumanga m'chiuno, liwiro.

Nditangokhala pansi aphunzitsi akuti, "Amake Joni, bwerani mutilembere dzina lanu pabolodi." Chilembo choyamba chinatuluka bwino. Chachiwiri, m'chiuno mwayaka. Ndikande ndi chigongono, zafika kumsana. Ndidzikhule pakhoma la tchalitchi chomwe timaphunziriramo, zatsikira m'miyendo. Choko uko, ine kudumpha.

"Eee, anzathu ayamba tchopa popanda ng'oma!" anakuwa amayi ena kumbuyo, kalasi yonse gwegwede kuseka.

Ndikanangotuluka mwakachetechete bwenzi zitathera pomwepo. Koma pakamwa pangapa! "Mukuseka chiyani? Ndi chitedze! Ndaika mu nandolo wanga kuti akuba akhaule!" Ndinanena zimenezo pamaso pa amayi a midzi itatu.

Tsiku la msika ndinasenza dengu la nandolo wapakati pa munda, woyera bwino, wosakhudzidwa n'komwe. Aliyense wofika ankaima patali, manja kumbuyo. "Ndi wachitedze uja ameneyu?" Ndinalumbira mpaka mawu kusasa, koma dengu linabwerera pamutu panga lodzaza momwe linapitira.

Wakuba naye uthenga unamupeza. M'munda mwanga sanapondemonso, anangowoloka malire n'kuyamba kukolola wa achemwali anga a Felesita. Iwo anafika pakhomo manja m'chiuno. "Iwe, wakuba anali wako, bwanji wamutumiza kwa ine?" Dengu lokanidwa lija ananyamula ndi iwo, ndipo asanalikhudze anandiuza kuti ndiyambe ndapisamo dzanja ndine.

Amuna anga anangoti, "Paja ndinanena." Ndinawaponyera chitenje chija.

Chitedze sindidzachigwiranso, olo andibere ndi mitengo yomwe. Ndinakanda ine, anakanda amuna anga, nandolo anadya achemwali. Wakuba yekha ndiye sanakandeko ngakhale chala.