Namfuko si Mbewa

Chaka chino mbatata takolola mu Malichi. Amene mumalima mwadziwa kale kuti sizinayende bwino, chifukwa mbatata ya mu Malichi imakhala ngati chala cha mwana.

Mbewu yake inali yovuta kupeza, ija yofiira mkati. Bambo a Lusiya anachita kubwera nayo panjinga kuchokera ku Chipera, ndipo tinadzala mizere yochepa kumunsi kwa munda wathu kuti mwana akamasiya bere apeze chophwanyira m'kambale. Atanyamuka kupita kukakumba golide cha ku Fingoe, anangondisiyira mawu amodzi: "Make Lusiya, mbatata ija muziyang'ana."

Ndinkaiyang'anadi. N'chifukwa chake ndinaona msanga timilu ta dothi latsopano pakati pa mizere, kholowa atafota ngati wathiridwa madzi otentha. Nditazula, pansi panalibe kanthu.

Ndinakafunsa aNabanda, mayi wachikulire wa munda woyandikana ndi wathu, amene anakulira ku Zambia nthawi ya nkhondo.

"Ameneyo ndi namfuko, mwana wanga," iwo anatero. "Sakonda mphepo. Utsegule una wake, ukhale chete ndi khasu. Abwera yekha kudzatseka, ndiye umudule njira kumbuyo."

Kukhala chete ndiye ntchito yanga. (Ndimatha kudyetsa Lusiya phala mpaka dzuwa kusuntha, iye akulavula, ine ndikubwezeramo.) Ndinatsegula una, ndinanjuta, khasu m'mwamba. Miyendo inachita dzanzi. Nyerere zinandiyendera. Dothi litangoyamba kugwedezeka, Lusiya kumsana anayamba kulira. Ndinamutembenuzira kutsogolo kuti ayamwe, ndipo pamene ndinkabweza maso pansi, una unali utatsekedwa bwinobwino, kosalala ngati wazira ndi munthu.

Apa m'pamene mutu unandizungulira. Ndinati m'mtima, kodi namfuko n'chiyani? Amakhala pansi, amaba chakudya, ali ndi mano awiri kutsogolo. Imeneyo ndi mbewa basi. Ndipo pa nkhani ya mbewa ine sindifunsa munthu. Ndili mtsikana ndinkaposa alongo anga onse. Kapuku, mende, ngakhale bwampini, ukangotsata una umafika pafunkha, n'kugwira.

Ndinayamba ndi madzi. Ndowa yoyamba inalowa yonse. Yachiwiri chimodzimodzi. Ndinatunga kudambo mpaka khosi linauma, una ukungomeza osathokoza. Ndiye ndinamanga Lusiya molimba kumsana ndi kapulana, chitenje changa chija, n'kulavulira m'manja.

Una wa mbewa umatha, abale anga. Wa namfuko sutha. Ndinakumba mzere woyamba, njira inakhota. Ndinatsata. Inagawikana pawiri, ndinasankha ya kumanja, nayonso inagawikana. Mbatata zinkangotuluka zing'onozing'ono, ine n'kumaziponya pambali ndikunena kuti ndidzazikwirira ndikamaliza. (Mpaka lero sindidziwa kuti ndinkaganiza kuti zidzameranso bwanji.) Kumsana Lusiya ankaseka nthawi iliyonse khasu likagunda pansi, ndiye ndinkaona ngati tikugwirizana.

Dzuwa litapendeka ndinamupeza. Kanthu kake kochepa, kotuwa, maso ngati njere za mpiru, makutu osaoneka, mchira wongoyerekeza. Pakamwa anali atatseka koma mano ali panja. Ndinati ndimugwire pakhosi monga timachitira ndi mbewa. Iye anathamanga chobwerera m'mbuyo, liwiro lomwelo ngati akupita kutsogolo, kenako anatembenuka n'kundiluma chala chachikulu. Ndinakuwa mpaka aNabanda anataya mtolo wa nkhuni panjira, kenako ndinamutsiriza ndi khasu.

Anafika, anaima, anayang'ana munda. Kenako anayang'ana malire. Ndinali nditalowa m'mtedza mwawo.

"Iwe make Lusiya, ndinati utsegule una kapena ugawule munda?"

"Koma ndamupha, amayi. Si uyu?"

"Wapha mmodzi?" Anagwira m'chiuno. "Awa amakhala mudzi wathunthu pansipa. Mayi wobereka ndi mmodzi, ena onsewa ndi ana ake, ntchito yawo kukumba ndi kututa. Iwe wapha wamtengatenga. Mbewa imakumba nyumba, awa amakumba misewu."

Akulankhula choncho, pa mzere umodzi umene unatsala, dothi linayamba kutukumuka pang'onopang'ono. Tonse tinangoliyang'ana. Mphamvu yokweza khasu ndinalibe.

Mawa lake bambo a Lusiya anatulukira pa mota, njinga yamoto ya mnzawo, fumbi mpaka m'nsidze. Asanamwe n'komwe madzi anati akaone mbatata. Ndinawatsatira chapatali, chala nditamanga kansanza.

Anaima nthawi yaitali. "Nguluwe!" anatero. "Ndipo sinali imodzi. Taonani mmene zafukulira! Ndikaitane amuna anzanga, titenge agalu."

Ine ndinkangokonza kapulana, ngakhale inali bwinobwino. Mwina ndikanawasiya apite ndi agalu awowo, koma aNabanda anali m'mtedza mwawo akukwirira zimene ndinafukula.

"Musavutitse agalu, bambo," anakuwa osadzutsa mutu. "Nguluwe yake ndi iyo yabereka mwanayo."

Bambo a Lusiya anandiyang'ana, anayang'ana chala changa, kenako anakhala pansi pa mzere wogumuka n'kuseka mpaka kutsokomola. Ndikanakonda akanakalipa. Atamaliza anafunsa kuti, "Nanga mwanayu adya chiyani mu Juni?" Pamenepo palibe anaseka.

Tinatola kholowa amene anali asanaume n'kukadzala kudimba, kuti mbewu yokha isatithere. Timbatata tija tinaphika ndi makoko omwe, tinatha masiku ochepa. ANabanda ndinakawapalirira mtedza, iwo akufotokozera aliyense wodutsa chifukwa chake.

Tsopano m'mbali mwa munda tadzala ombwe, akuti mizu yake anamfuko amadana nayo. Timilu tikuonekabe apo ndi apo. Ndikationa ndimapita kukatsegula una, n'kukhala chete monga anandiuzira. Koma khasu amasunga ndi bambo a Lusiya.