Gelesomu ndi Nkhono ya a Mtambalika

Mwambi umene ndikufuna muumve lero, ana anga, chiyambi chake n'chotere. Koma poyamba, iwe Mwatitha, tola mapepala wang'ambawo, ndipo pensulo uichotse m'kamwa ingakubaye. Ndamva kuti njinga imene ukujambulayo yakana kufanana ndi njinga. Khala apa pafupi ndi mlongo wako. Ena nkhaniyi amaifotokoza mwina, ine ndinena mmene ndinaimvera.

Pa msika wa pa Lizulu panali mkulu wina wojambula zithunzi, a Mtambalika. Makoma ambiri a masitolo pamsikapo anali ntchito ya manja awo. Akajambula thadzi pakhoma la nyumba yodyera, atambala a m'mudzi ankabwera kudzazungulira pansi pake. Akajambula mitu pa shopu yometera, munthu ankangoloza n'kunena kuti, "Mundimete ngati uyu," ngati kuti akuloza mnzake amene wakhala pabenchi.

Koma ukalamba unawapeza. M'maso mwawo munayamba kuyera ng'ala, ndipo masiku amenewo madokotala a maso sankafika kumidzi ngati lero. A Mtambalika anayamba kunena poyera kuti akufuna munthu mmodzi woti amusiyire luso lawo maso asanatsekeke.

Pamsika pomwepo panali mnyamata wina, Gelesomu, mwana wa mai Esinati amene ankalima ndi kugulitsa mbande za mpiru. Gelesomu anali ndi dzanja lopepuka, zimenezo palibe ankatsutsa. Ankafunitsitsa kudzakhala ngati a Mtambalika. Vuto lake linali phuma. Chinthu ankachiyang'ana kamodzi, kenako mutu pansi, dzanja n'kumathamanga lokha.

Nthawi ina a Mtambalika atadwala, a Kadzakumanja a butchala anamupempha Gelesomu kuti awajambulire mbuzi pakhoma. Dzuwa lisanafike pamutu, iye anali atatsuka kale m'manja. Mawa lake anamuitanitsa.

"Iwe Gelesomu, ichi n'chiyani?"

"Mbuzi, bambo."

"Mbuzi zakwanu zimakhala ndi mchira wautali chonchi? Chiyambire m'mawa anthu akungoima, kuyang'ana khoma, kuyang'ana nyama, n'kumapita. Mayi wina wandifunsa ngati ndimapezekanso ndi ya pusi."

"Musadandaule, ndiwonjezera nyanga."

Anawonjezeradi. Chinakhala galu wa nyanga. A Kadzakumanja anapaka laimu khoma lonse, koma mvula ikagwa galuyo ankaonekerabe mkati mwa laimu, ndipo ana ankamuuwa podutsa.

Mai Esinati manyazi anawagwira. Anamutenga mwana wawo n'kupita naye kwa a Mtambalika. Anagwada m'mphepete mwa khonde.

"Bambo, mwana wanu ndi uyu. Dzanja lilipo, koma likusowa mwini. Mutengeni."

A Mtambalika anamupatsa mnyamatayo khala ndi chidutswa cha katoni, n'kutambasula dzanja lawo.

"Jambula ili."

Gelesomu analiyang'ana kamodzi n'kuwerama. Posakhalitsa anapereka katoni ija akumwetulira. Mkuluyo anaiyandikitsa kumaso mpaka kukhudza mphuno.

"Ndi dzanja labwino. Zala zisanu."

"Zikomo, bambo."

"Langali lili ndi zinayi. Chinachi chinatsala m'makina a chigayo iwe usanabadwe."

Gelesomu anayang'ananso. Zinalidi zinayi.

"Tamva, mwana wa Esinati. Iwe sujambula chimene chili patsogolo pako, umajambula chimene chili m'mutu mwako, ndipo m'mutumo mulibe zambiri. Ndikhoza kukuphunzitsa kusakaniza utoto, kuika mthunzi, kuyeza nkhope ya munthu. Koma kuyang'ana sindingakuyang'anire. Lino ndi dzinja, nkhono zili ponseponse. Pita ukandijambulire nkhono, maso ake aoneke. Ukabwera nayo, burashi zanga ndi zako, ndipo tiyamba. Koma dziwa kuti maso angawa akuzima."

"Nkhono basi?" anatero Gelesomu ali kuseka. "Ndibwera nayo lero lomwe."

Sanapite ngakhale kudimba. Anakhala kuseri kwa sitolo, n'kujambula chigoba chozungulira bwino, ndipo pachigobapo anaikapo maso awiri aakulu, a nsidze zake ndi zikope.

A Mtambalika anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Awa si maso a amayi ako awa?"

"Ndi a nkhono, bambo."

"Ndiye nkhonoyi ndi m'bale wanu. Pita ukaone yeniyeni."

Tsopano anakatola nkhono yaikulu pansi pa nthochi n'kuiika patebulo la amayi ake. Nkhono inali italowa m'chigoba, ili zii. Anadikira pang'ono, mwina mmene munthu amamezera madzi. Kenako anagogoda pachigoba ndi pensulo.

"Odi kuno. Eni nyumba alipo?"

Zii.

Anaitembenuza chagada. Anaigwedeza pafupi ndi khutu ngati bokosi la machesi. Anaitokosa ndi kamtengo. Anaiyandikitsa pambaula kuti mwina ikamva kutentha ituluka, koma inangotulutsa thovu. Zimenezi inu musadzachite, ndi nkhanza, ndiponso mukagwira nkhono muzisamba m'manja ndi sopo.

Anatenga ina. Iyi inali yofatsa. Ali mkati mosongola pensulo, inayamba kusuzumira, kamutu kakutuluka pang'onopang'ono. Gelesomu anadumpha, mpando n'kugwa.

"Amayi, yatuluka!"

Anaponya nkhope yake patebulo, chala patsogolo kuti aigwire mutu isabwerere. Chala chisanafike, nkhono inali italowa kale.

"Nkhono za kuno n'zamwano," anatero.

Ndiye anaganiza nzeru. Anati nkhono imodzi ikhoza kuchita manyazi, koma zikakhala zambiri ina idzaiwala. Anatenga ndowa ya amayi ake, n'kuzungulira madimba onse mpaka inadzaza. Anaiika kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nazale ya mpiru. Anaima pamenepo akugwedeza mwendo, zigoba zili duu. Kenako anamva anzake akukuwa ku bwalo la mpira.

"Ndingokaona chigawo choyamba," anadziuza.

Anaonera zigawo zonse, n'kutsalira kukangana za chigoli chimene chinakanidwa. Pobwera anapeza ndowa ili mbee. Nkhono zonse zinali zitatuluka iye atangopotoloka, ndipo pa nazale panatsala timitengo tokha. Mai Esinati anali ataima pamenepo, manja ali kumutu.

"Mwana iwe, ndinakulakwira chiyani? Mbande zonsezi anthu anali atandiuza kale kuti ndiwasungire."

"Pepani amayi. Koma zinatuluka? Munaziona?"

"Ndinaziona zikudya thukuta langa."

"Maso ake ali pati?"

Mai Esinati anamuyang'ana mwana wawo kwa kanthawi, ngati akuganiza zomuponyera ndowa ija.

"Kunsonga kwa tinyanga take. Choka pamaso panga."

Gelesomu sanadikire kumva zina. Anajambula nkhono ya nyanga ziwiri zowongoka, kunsonga kwake timitu takuda, ngati machesi awiri ozikidwa paphala. Anathamangira kwa a Mtambalika.

Mkuluyo anatuluka nacho chithunzicho pabwalo pofuna kuwala, popeza m'khonde sankaonanso bwino.

"Eya, maso afika pamalo pake. Tinyanga ndi tingati?"

"Tiwiri, bambo."

"Wakuuza ndani?"

"Ndaona ndekha."

"Wakuuza ndani, mwana wa Esinati?"

Gelesomu anakanda m'mutu. "Amayi."

"Ndiye burashi ndikawapatse amayi ako. Wajambula ndi makutu. Bwerera, dzinja likadalipo."

Apa Gelesomu anapsa mtima. Kumsika anauza aliyense kuti mdala uja ndi wanjiru, akuopa kupitiriridwa ndi mwana. Anati wojambula weniweni sataya nthawi ndi tizilombo ta m'matope. Anamanga kachikwama kake n'kukwera basi ya ku Balaka, kumene ankati anthu amadziwa kuyamikira luso.

Ku Balaka ntchito ankaipeza msanga, ndipo ankaitaya msanga. Mwini shopu yometera anamuuza kuti ajambule mitu ya mametedwe osiyanasiyana. Mitu yonse inatuluka ndi nkhope imodzi, nkhope ya Gelesomu mwini wake. Anthu obwera kudzameta ankafunsa ngati n'chikwangwani cha munthu amene akufunidwa ndi apolisi. Wogulitsa nsomba anamupempha chambo, chinatuluka chinthu chooneka ngati silipasi. Mapeto ake ankangopatsidwa ntchito yopaka laimu m'zimbudzi ndi m'mipanda, imene safuna kuti munthu ayang'ane kanthu.

Tsiku lina akupaka mpanda wina, anaona pakhoma la sitolo yoyandikana chithunzi chakale cha mayi wosenza mtsuko. Utoto unali utasuluka, koma khosi la mayiyo linkaoneka kuti likumva kulemera. Anafunsa mwini sitolo, ndipo anamuyankha kuti anajambula ndi mkulu wina wa ku Lizulu, wa zala zinayi. Gelesomu anaima pamenepo laimu akuuma pa burashi. Mlungu womwewo anabwerera kwawo.

Koma kunali kutalowa chilimwe. Anazungulira m'madimba, anafukula pansi pa nthochi, anatembenuza miyala. Ankangopeza zigoba zoyera zopanda eni. Anapita kwa a Mtambalika, amene tsopano ankayenda akupapasa khoma.

"Bambo, ndinalakwa. Nkhono zatha. Sindingajambule bilimankhwe m'malo mwake? Nayenso maso ake ndi ovuta."

"Bilimankhwe amaonetsa maso ake kwa aliyense, ngakhale kwa munthu wothamanga. Ine ndinati nkhono."

"Nanga ndidikire mpaka mvula?"

"Ine ndikudikira. Kaya masowa."

Miyezi ya dzuwa inadutsa Gelesomu akupaka laimu. Mitambo itayamba kusonkhana, anapatsidwa ntchito yopaka pamwamba pa golosale ina. Makwerero sanawaike bwino, chifukwa ankafuna amalize msanga. Ndi chifukwa chake ndimakukanizani kukwera pa mpanda paja. Anagwa, mwendo n'kuthyoka, ndipo kuchipatala anamuika chikhakha kuyambira kuphazi mpaka m'ntchafu.

Ndiye uyo Gelesomu, amene chibadwire sanakhalepo pansi, ali pamphasa pakhonde la amayi ake, mwendo uli gwa ngati mtanda wa denga. Mvula inagwa usana wonse. Itakata, nkhono ina inatulukira pansi pa mbiya n'kuyamba kukwera khonde. Inali patali moti dzanja lake silikanafika. Kamtengo kotokosera panalibe. Amayi ake anali kumsika. Anafuna kudumpha, mwendo unakana. Anatukwana pang'ono, n'kutopa, n'kungokhala.

Nkhono inabwera yokha. Inafika pafupi ndi chigongono chake, ndipo popeza palibe chinagwedezeka, inatambasula khosi lonse. Gelesomu anaona. Anapitiriza kuona mpaka anaiwala kuti mwendo ukuyabwa mkati mwa chikhakha. Kenako, mwakachetechete, anakoka katoni imene amayi ake ankakupizira moto, n'kutola khala. Ulendo uno maso anali pankhono, dzanja n'kumatsatira pambuyo.

Mai Esinati atabwera anayang'ana katoni ija, n'kuiika patali ndi nazale yawo.

"Iyi ingandidyerenso mbande," anatero motsitsa mawu.

M'mawa mwake anamukweza pa njinga ya kabaza, mwendo uli tasa kutsogolo, mpaka kwa a Mtambalika. Anawapeza atakhala pakhonde ndi anansi angapo, nkhope italoza kumene dzuwa linkachokera.

"Ndani ameneyo?"

"Ndine Gelesomu, bambo. Ndabwera nayo."

Anawapatsa katoni. Mkuluyo anailandira mozondotsa, mutu wa nkhono uli pansi. Sanaiyandikitse kumaso. Anangoisisita ndi zala zawo, makala n'kuwadetsa m'manja. Palibe amene anawauza kuti aitembenuze.

"Undiuze ndi pakamwa. Wajambula chiyani?"

"Tinyanga ndi tinayi, bambo. Tiwiri tating'ono tili m'munsi, timapapasa njira. Tiwiri tatitali tili pamwamba, ndipo sitiima mofanana, kena kamayang'ana uku, kena uko. Kunsonga kuli kadontho kakuda, kochepa kuposa njere ya mpiru. Udzu ukakakhudza, kanyangako sikapindika ayi. Kamalowa mkati mwake momwe, ngati munthu akuvula sokosi, kadontho kaja n'kumatsika mkatimo ukukaona."

A Mtambalika anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Waona."

"Ndiye tiyamba liti, bambo? Chikhakha chikangochoka ndibwera tsiku lililonse."

Mkuluyo anaseka pang'ono, kuseka kosafika patali.

"Tiyamba ndi maso ati, mwana wa Esinati? Ukasakaniza utoto, ndani akuuze kuti wachulutsa wofiira? Ukapotoza mphuno ya munthu, ndani aione? Burashi zili m'chitini umo, tenga. Koma burashi ndi ubweya chabe. Zimene ndikanakupatsa zinali m'masomu, ndipo dzinja lathali zinalimo."

Gelesomu anatenga chitini chija n'kuchiika pamiyendo. Anajambulabe moyo wake wonse, ndipo akuti mbuzi zake zinakhala mbuzi. Koma zimene mkulu uja akanamuonetsa m'dzinja limodzi, iye anazifufuza yekha mpaka imvi, ndipo zina sanazipeze. Khosi lomva kulemera kwa mtsuko silinatuluke m'dzanja lake.

Tsiku limenelo, asanamukweze panjinga kubwerera, mmodzi wa anansi aja anafunsa kuti, "Nanga chinavuta n'chiyani chaka chonsechi, kanthu kakang'ono ngati nkhono?"

A Mtambalika anamubwezera Gelesomu katoni yake, ikadali chozondoka.

"Mwendo wamuphunzitsa zimene ine ndinalephera. Kuona maso a nkhono n'kudekha."